Kazitape wa ku Zakazaka

Banja la Mavis litatuma malume ake, a Cuthbert a ku Zakazaka, kuti akwere phiri la Zomba akafufuze khalidwe la Prosper, mnyamata wolima mbatatesi amene anabwera kudzafunsira, aliyense ankati akachita monga amachitira anthu onse: kupereka moni, kufunsa anansi ngati mnyamatayo amamwa kapena anabisa mkazi kwina, n'kutsika, kuti Loweruka mbali ziwiri zikumane zikambe za chinkhoswe. Koma a Cuthbert chipumireni pa ntchito ya ukalaliki ankangowerenga za akazitape, motero anameta ndevu, navala chijasi, chipewa ndi magalasi akuda ngakhale kuphiriko kunali chifunga, nakaima pa kabenchi ka mayi wina wogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa kudamu.

"Khalani apa, bambo, musanagwere m'ngalande," anatero mayiyo. "Maso anayamba liti?"

"Maso anga alibe vuto."

"Nanga magalasiwo? Dzuwa tinalionako dzana."

A Cuthbert anacheuka uku, nacheuka uko. Panalibe munthu, kupatula mbuzi imodzi. Anatsitsabe mawu.

"Ine ndine Anderson. Ndachokera ku Lilongwe. Ndimapikula mbatatesi."

"Ine ndine Dora. Ndachokera kuseri kwa mapainiwo. Matumba angati?"

"Matumba a chiyani?"

"A mbatatesi. Mwati mumapikula."

"Aaa, lero ndikungoona kaye."

"Ndi izi." A Dora anamasula thumba. "Zioneni."

A Cuthbert anawerama n'kuziyang'ana. A Dora anadikira. Mbatatesi sizinasinthe.

"Mwaziona?"

"Ndaziona."

"Chabwino." Anamanganso thumbalo. "Chinanso?"

A Cuthbert anakhala pabenchi, napinda mwendo ngati munthu amene alibe nazo ntchito. "Ndimangoganiza. Kuno kungapezeke mlimi wachinyamata wodalirika? Tinene kuti wina ngati Prosper?"

"Wina ngati Prosper kulibe. Kuli Prosper. Ndi mwana wa mng'ono wanga."

A Cuthbert anasendera pafupi. Kungoponda kamodzi, n'kugwera pakati penipeni pa msasa wa adani! Anayamba kukonza m'mutu funso lozungulira, loti lidzere ku nyengo ndi mitengo ya feteleza lisanafike pa mowa.

"Samwa," anatero a Dora. "Sasuta. Alibe mkazi, alibe mwana wapambali. Akamva njala amakwiya, akadya amasiya. Chinanso?"

"Iii! Inetu sindinafunse."

"Mumati mufunse. Mnyamata akamakwatira, aliyense wotchula dzina lake amafuna zomwezo."

Apa ntchito inali itatha. Munthu wina aliyense akanathokoza, n'kugula mbatatesi za ndiwo, n'kutsika. Koma a Cuthbert sanametere ndevu kuti zonse zithere pa mpweya umodzi. Nkhani yopezeka mosavuta choncho sanaikhulupirire.

"Ndipo inenso ndili ndi mafunso omwewo," a Dora anapitiriza. "Akwathu andituma. Mawa nditsikira ku Zakazaka kukafufuza za banja la mtsikanayo. Ndikabwerako, ndikati eya ndi eya, ndikati ayi ndi ayi. Mawondo okha ndiwo akundidandaulitsa."

"Ku Zakazaka? Kuseri kwa chigayo chija, nyumba ya chitseko chobiriwira?"

"Mwati ndinu a ku Lilongwe."

"Ndimadutsako. Pa ntchito ya mbatatesi."

A Dora anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Kodi si inu a Cuthbert, malume a Mavis?"

"Ayi!"

"Zoona?"

"Ndikulumbira, mayi. Ine ndine Anderson."

"N'zoonadi. Prosper anati a Cuthbert ali ndi ndevu zoti mpheta ingamangemo chisa. Inu chibwano chili see ngati dzira." Anaomba m'manja. "Ndiye mwandipulumutsa, a Anderson. Poti mumadutsako, muwadziwa. Ndiuzeni pompano, ndisavutike kutsika. Ndi munthu wotani?"

A Cuthbert anakonza magalasi awo. Uwu unali msampha, sanakayike. Kazitape akadzitama ndiye kuti wadziulula. Wanzeru amadzinyoza, kuti wina asamuganizire.

"A Cuthbert?" Anagwedeza mutu mwachisoni. "Munthu wamakani."

"Makani si mlandu. Malemu amuna anga anakana kuti akudwala mpaka tsiku lowaika. Chinanso?"

"Amalankhula kwambiri."

"Za chiyani?"

"Za akazitape. M'mawa, masana, patebulo, ngakhale pamaliro."

"Akazitape ake ati? Aja ankatimvetsera m'mabasi kale?"

"Ayi, ayi, amenewo anali ana. Ndikunena akatswiri enieni!" A Cuthbert anaiwala kutsitsa mawu. "Mwachitsanzo Mata Hari. Mayi wa ku Holland. Dzina lake lenileni linali Margaretha, koma anatenga lina, n'kumavina pamaso pa akuluakulu a nkhondo."

"Ankavina gule wanji?"

"Wakewake. Zovala zochepa."

"Amuna ake anali kuti?"

"Banja linali litatha."

"Mpake. Anatha bwanji?"

"Afalansa anamuwombera mu 1917. Anati ankapereka zinsinsi kwa Ajeremani."

"Ogo! Winanso?"

"Richard Sorge. Ankakhala ku Japan ngati mtolankhani, kumatumiza nkhani ku Russia."

"Anatha bwanji?"

"Anamunyonga."

"Winanso?"

"Kim Philby, Mngelezi. Uyu ndiye dolo, mayi! Kwawo anamuika kukhala mkulu wofufuza akazitape a ku Russia, pomwe iye mwini ankagwirira a ku Russia omwewo."

"Ndiye ankadzifufuza yekha?"

"Eee!"

"Anadzipeza?"

"Ayi. Anathawira ku Moscow, n'kukafera komweko."

A Dora anapukuta manja m'chitenje. "Wina kuwomberedwa, wina kunyongedwa, wina kukafera kwa eni. Anzawo a a Cuthbert ndi amenewa?"

"Si anzawo. Sanakumanepo. Amangowakonda."

"Ndiye aliyense amene a Cuthbert amukonda amafa choncho? Mavis amamukonda?"

"Kwambiri!"

"Mayo ine."

"Iyayi, mayi, mvetsani. Alipo amene sanaphedwe. Juan Pujol, wa ku Spain. Poyamba ankaweta nkhuku."

"Aha. Tafika pa munthu wa ntchito."

"Anazisiya. Anawanamiza Ajeremani kuti ali ndi gulu la anthu omuthandiza, pomwe onsewo anangowapeka m'mutu. Nkhondo itatha anali ndi mendulo ya Ajeremani ndi ya Angelezi, mbali zonse ziwiri! Kenako anafalitsa mbiri yoti wamwalira ndi malungo ku Angola, pomwe ali moyo kwina."

"Nkhuku anasiyira ndani?"

"Za nkhuku sizikudziwika."

"Sizikudziwika bwanji? Nkhuku sizisowa zokha. Zimakhala kuti wina watenga."

"Mayi, zinachitika kalekale, kutsidya kwa nyanja."

"Chabwino. Koma zimene mwandiuzazi n'za anthu akufa. Ine andituma za a Cuthbert. Kulongolola kokha sindingakane nako ukwati. Kapena mukuwabisira? Mwina ndinu mnzawo."

A Cuthbert anaganiza msanga. Mayiyu wayamba kukayika. Pafunika kuwonjezera nkhuni.

"Mnzanga? Ine? Chidakwa chimene chija?"

"Amamwa?"

"Ngati mchenga."

"Akaledzera amatani?"

"Amaimba. Pamwamba pa denga."

"Denga la ndani?"

"Lililonse limene lili pafupi."

"Asa! Chinanso?"

M'mutu mwa a Cuthbert munali mukuyendabe nkhuku za Pujol. "Amaba nkhuku."

"Ndinanena! Za ku Spain zija?"

"Ayi, za ku Zakazaka konkuno. Ndi za ku Likangala akapeza mpata."

"Kutchalitchi amapita?"

"Amapita. Kukaona amene wasiya khola lopanda mlonda."

A Cuthbert anapuma mokhutira. Palibe munthu padziko akanaganiza tsopano kuti iwo ndi a Cuthbert. Ngakhale Philby sakanaposa apa.

"Nanga mtsikanayo?" anafunsa a Dora.

"Mavis? Aaa, ameneyo ndi golide. Waulemu, wakhama, wamaliza maphunziro a unamwino. Dzanja lake pophika, musanene."

"Analeredwa ndi ndani?"

"Ndi malume ake! Bambo ake atamwalira anamutenga ali kamwana. Chilichonse chimene Mavis akudziwa anachiphunzira kwa iwowo."

"Kwa wakuba nkhukuyo."

"Eee. Ayi! Ndiye kuti..."

"Basi. Zikomo, a Anderson. Mawondo anga apuma." A Dora anadzuka n'kuyamba kulongedza mbale zoyezera. "Ukwati kulibe. Mng'ono wanga ali ndi nkhuku zodzaza khola, ndipo denga angofolera kumene."

A Cuthbert anaona nkhope ya mlongo wawo, a Aggie, mayi ake a Mavis, ikuwadikira pakhonde. Anaona Mavis, amene m'mawa womwewo anawasitira malaya ovalira ulendowu akuimba.

"Dikirani, mayi! Mwina ndawonjezera pang'ono."

"Pati?"

"Pa nkhuku. Amabweza."

"Zamoyo?"

"Zina."

"Khalani bwino, bambo."

"Za denga lija, amakwera kukakonza! Amangoimba kuti ntchito iyende."

"Ataledzera."

"Pang'ono pokha. Ayi, samwa n'komwe! Ali ndi shuga!"

"Mwati amamwa ngati mchenga. Munthu wa shuga womwa ngati mchenga ndiye kuti ndi wosamveranso dokotala. Mukungowonjezera milandu."

A Cuthbert anaimirira. M'mabuku onse amene anawerenga, kazitape sadziulula ngakhale amuzule zikhadabo. Koma m'mabuku amenewo munalibe a Aggie. Anavula magalasi.

"Mayi Dora, ndiyang'aneni bwino. Ine ndine Cuthbert."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Ndinu a Anderson. Ndinakufunsani, munalumbira."

"Ndinanama!"

"Liti? Paja kapena pano?"

"Paja!"

"Ndidziwa bwanji? Paja munalankhula mutakhala pansi, mtima uli m'malo. Pano mukunjenjemera. Wonama ndi amene amanjenjemera."

"N'kuzizira! Taonani." Anavula chipewa. "Prosper sanakuuzeni kuti a Cuthbert ndi adazi?"

"Ananena. Koma adazi mu Zomba muno ndi ambiri. Mukapita kumaofesi a boma mukaona ngati munda wa maungu. Ndevu zili kuti?"

"Ndameta m'mawa."

"Chifukwa?"

"Kuti musandizindikire."

"Ine sindinakuonenipo. Ndikanakuzindikirani bwanji?"

A Cuthbert anasisita chibwano.

"Ndevuzo mwabwera nazo?"

"Munthu amayenda ndi ndevu m'thumba?"

"Ndiye umboni mulibe. Chiphaso?"

"Ndasiya kunyumba. Kazitape sayenda ndi chiphaso."

"Foni?"

"Ndasiyanso. Foni imaulula pamene munthu ali."

"Ndiye mulibe ndevu, mulibe chiphaso, mulibe foni. Muli ndi dzina limodzi limene munabwera nalo. Lisungeni."

"Ndifunseni chilichonse! Ku Zakazaka konse munthu wodziwa zinthu ndi Cuthbert yekha. Mukudziwa kuti diso la nthiwatiwa ndi lalikulu kuposa ubongo wake?"

"Sindimadziwa."

"Mwaona! Amadziwa zimenezo ndi Cuthbert yekha!"

"Ndi inu. Tsopano ndi ine. Takwana atatu."

"Khosi la kadyansonga lili ndi mafupa asanu ndi awiri, chimodzimodzi la munthu!"

"Ndiye kutalika konse kuja n'kungodzionetsera."

"Likulu la dziko linachoka kuno kupita ku Lilongwe mu 1975!"

"Ndinalipo. Ndinaona malole. Ndipo munthu wa ku Lilongwe ngati inu ayenera kudziwa, poti munalandira ndinu."

"Madzi a mandimu ukalembera papepala saoneka mpaka ulitenthetse! Pa nkhondo ankatuma nkhunda kunyamula mauthenga! Amereka anayesa kuika makina omvetsera m'thupi la mphaka!"

"Mphaka wa ndani?"

"Wa boma!"

"Anamvera?"

"Ayi. Ankangopita kumene akufuna."

"Ngakhale ine ndikanawauza. Tsono bambo, zonsezi mwazimva kwa a Cuthbert. Mwanena nokha kuti amalongolola ngakhale pamaliro. Muzichepetsa kucheza nawo, taonani mwayamba kutengera."

A Cuthbert anazungulira benchi. Mbuzi ija inasuntha kuwapatsa malo. Ndipo anaona mfundo pakona ya chitenje cha a Dora.

"Imeneyo si foni?"

"Ndi foni."

"Nambala ya a Cuthbert muli nayo?"

"Prosper anandiikira, kuti ndiziimba ndikasochera mawa."

"Imbani! Ayankha akazi anga. Muwafunse kumene ndili."

A Dora anamasula mfundo mosafulumira, natambasula dzanja kuti aone bwino manambala, nadina. Anadikira.

"Halo? Ndi kwa a Cuthbert? Ndinu akazi awo? A Lily. Mwaswera bwanji, mayi? Ifenso taswera. Bambo alipo?" Anamvetsera, akugwedeza mutu. "Oho. Ayi, musawadzutse." Anatseka foniyo ndi chikhatho. "Akuti a Cuthbert ali kuchipinda. Agona."

"Ndinawauza ndine kuti azinena choncho!"

"Masana ano agona. Ulesinso ulipo, a Anderson, munandibisira. Kapena ausiku ndi amene amagwira ntchito ya nkhuku ija."

"Patseni kuno!" A Cuthbert analanda foni. "Make Kevin! Ndine! Ndine amuna anu! Auzeni mayi awa kuti... Halo? Halo!"

Foni inali itaduka. Pamenepo ndi pamene anakumbukira zimene ananena pakhomo potuluka, chala chili m'mwamba: wina akaimba n'kumati ndi ine, mudule pomwepo, adani amatsanzira mawu. Zaka zonse za m'banja a Lily sanamverepo langizo lawo lililonse. Anasankha lero.

A Dora anatenga foni yawo n'kuipukuta. "Iii, a Anderson. Dzina la mwini mwatenga, tsono mukufunanso mkazi wake?"

"Ndi mkazi wanga!"

"Wakukanani ndikumva."

"Akungotsatira malamulo!"

"N'chimene mkazi wapabanja amachita mlendo akamuimbira. Mayi ameneyo ndamulemekeza. Kukhala ndi chidakwa chokwera madenga, n'kumakanabe amuna a ku Lilongwe."

"Tiyeni titsike limodzi, pompano. Mukaone nokha kuti kuchipindako kulibe munthu."

"Ndikapeza kulibe ndiye kuti adzuka."

"Anansi akandizindikira!"

"Mwati mumadutsako. Akuzindikirani, inde."

"Mavis akandiitana kuti malume!"

"Mwana waulemu amaitana aliyense wamkulu kuti malume. Mwanena nokha kuti ndi waulemu."

A Cuthbert anakhala pansi mwamphamvu, benchi n'kulira. Chifunga chinali chitakwera mpaka mapaini osaonekanso. Anayang'ana chipewa m'manja mwawo. Pamene analankhulanso, mawu anali ang'ono, osati a kazitape.

"Mayi, nditchuleni dzina lililonse limene mukufuna. Koma mwana uja sanalakwe. Sanabepo ngakhale dzira. Prosper wanuyo akamubweretsera mbatatesi, amaziphika ngati nyama, tonse n'kumadya mwaulemu. Ndikatsika n'kukamuuza kuti zatheka chifukwa cha pakamwa panga, ndikalowera khomo liti?"

A Dora anasiya kulongedza.

"Inu ndi chiyani wanu, Mavis?"

"Ndakuuzani."

"Mwandiuza ziwiri. Ine ndikutenga yolumbira." Anakhala pa thumba la mbatatesi. "Koma ndaona chinthu. Munthu wa ku Lilongwe, wobwera kudzangoona mbatatesi, mwana si wanu, mtundu si wanu. Mwandiuza zoona za malume ake osaopa. Mutaona kuti zoonazo zapweteka mwana, mwalolera kusenza dzina la wakuba nkhuku kuti mumupulumutse. Mpaka misozi."

"Si misozi. Ndi chifunga."

"Anthu otero atha masiku ano. Za mkazi wa mwini zija zokha mulekeretu."

"Ndaleka," anatero a Cuthbert, osadziwanso chimene akuleka.

"Ndiye mvetserani. Ife vuto lathu si mtsikana. Vuto ndi nkhoswe. Ana akayambana pakati pa ukwati timathamangira kwa nkhoswe. Ndiye tizikayang'ana padenga?"

"Ayi ndithu."

"Mtsikana tikumufuna. Malume ake sitikuwafuna. Loweruka mubwere inuyo."

"Ine?"

"Inu, a Anderson. Mukhale nkhoswe ya Mavis. Mukavomera, ndikauza akwathu kuti eya. Koma a Cuthbert asaponde pakhomo pathu. Pachinkhoswe ayi, paukwati ayi, ngakhale mwana akadzabadwa adzamuonere pachithunzi."

"Koma mayi, nkhoswe imakhala malume. Ndiwo mwambo."

"Mwambo umafuna munthu wamutu. Mukakambirane ndi mayi ake a mtsikana. Mukawauze kuti mchimwene wawo tamukana, tasankha inu. Ndikhulupirira apumira m'mwamba."

A Cuthbert anaganizira za a Aggie, ndipo anaona kuti mwina apumiradi m'mwamba.

"Nanga Lowerukalo abale akamandiitana kuti a Cuthbert?"

"Musawayankhe. Munthu akakutukwana suyankha."

"Nanga ndevu zikamera?"

"Muzimeta. Mukufuna azikusokonezani ndi munthu ameneyo?"

"Mpaka liti?"

"Unkhoswe umatha liti? Mpaka imfa."

Kumunsi kunkamveka lole ya matabwa ikutsika pang'onopang'ono.

"Ndiye ndikanene chiyani kwathu?" anafunsa a Dora. "Eya kapena ayi? Ndili ndi mbuzi yoti ndikatsekere."

A Cuthbert anadzuka pabenchi. "Mukanene kuti eya."

"Wanena ndani?"

"Anderson."

"Basi, zatha. Nyamulani thumba ili, mukapatse mayi Lily, akhale akudya poti nkhuku zakuba sizinenepetsa. Mukasiye pakhomo, musalowe." Anawasenzetsa thumbalo paphewa, chijasi n'kukhwinyata. "Chinanso chimodzi. Munthu uja akamva kuti tamuchotsa, ayesa kusokoneza. Poti mumadutsako, muzimuyang'anira. Kumene wapita, amene walankhula naye, zonse muzindiuza."

A Cuthbert anavala chipewa ndi dzanja limodzi. Anayenda pang'ono, thumba likuwapendeketsa, ndipo anatembenuka.

"Musade nkhawa, mayi. Kumene apite ndidzakhala ndili komweko. Kunena zoona, munthu ameneyo inenso ndayamba kumukayikira."